Ngalande Yodutsa pa Mpanda wa Fyson

Salisbury Lines,
Mzuzu.
2 Okutobala, 2023.

Wokondedwa mwana wanga Fyson,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino kumeneko ku Joni. Ine ndili bwino, kupatula bondo lakumanzere lija, limene limayamba kundiuza za mvula mitambo isanabwere. Katundu amene unapatsira a Tobias pa galimoto yawo anafika: bulangete, nsapato, ndi mabotolo awiri a mafuta opaka. Iwe unalemba atatu. Sindikunena kuti a Tobias ndi akuba, ndikungonena kuti anafika awiri.

Nkhani imene ndikulemberayi ndi yaikulu, singakambidwe pa foni. Ukudziwa kuti pa foni ndimamva theka la mawu ako, theka linalo ndimangovomera. Uwerenge utakhala pansi, ndipo ufike kumapeto usanakwiye.

Kuno kwathu akukumba ngalande. Si timingalande tija timene anthu amapalasa ndi khasu pakhomo pawo, ayi. Iyi ndi ngalande ya mzinda, yomangidwa ndi miyala ndi simenti, yochokera kumsewu wa kumtunda mpaka kudambo. Kumtundako ayamba kale. Sabata yatha kunali msonkhano pabwalo la tchalitchi, ndipo injiniya wake, mayi wachitsikana dzina lake Rejoice, anatifotokozera bwino. Anati, "Mvula sinachuluke, amama na adada. Nyumba ndizo zachuluka. Denga lililonse la malata ndi bwalo lililonse la simenti likutaya madzi amene kale ankalowa m'nthaka." Ndinamuvomereza. Pamene ine ndi malemu bambo ako tinkafika pano, ndikaima pakhonde ndinkaona madenga asanu ndi limodzi, kwinako kunali bango ndi achule. Dzulo ndawerenga madenga makumi anayi ndi atatu, chonsecho mpanda ukundibisira ena. Anatinso ngalandeyi akuimangira Mzuzu wa zaka makumi awiri zikubwerazi, osati wa lero yekha. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ife tikumira lero, mama!" Anthu anaseka.

Tsopano ndifike pamene pakutikhudza. Ukukumbukira kuti uli mwana, mvula ikagwa madzi ankalowa pangodya ya kumtunda, kuseri kwa khitchini, n'kudutsa m'mbali mwa nthochi, n'kukatulukira kumunsi kupita kudambo. Unkayandamitsamo zitsononkho n'kumati ndi sitima. Njira imeneyo ndi imene mpanda wako unatseka. Sindikukudzudzula. Tonse tinakondwa tsiku limene unatha kumangidwa, ndipo kuyambira pamenepo ndimagona tulo. Koma madzi atapeza khoma anakhotera kwa oyandikana nafe, a NyaHara. Mu Epulo khitchini yawo inagwa, zimenezo ndinakulembera. Chimene sindinakulembere n'chakuti nyumba yawo yaikulu, ya zidina ija, inanyowa mpaka mzere wachinayi, ndipo ukaikanda ndi chala ikuyoyoka. M'menemo amagona iwo ndi zidzukulu zitatu.

A Rejoice akhoma zikhomo zopaka utoto wofiira motsata njira yakale ija. Akupempha kuti agumule mpanda malo awiri, polowera madzi ndi potulukira, ndipo atenge kamzere ka malo kuseri, kotambalala ngati bedi. Nyumba saikhudza. Nthochi zipita. Sakakamiza munthu, mwini malo ayenera kusayina yekha. Koma kontrakitala womanga ngalandeyo achoka kumapeto kwa Novembala, ndipo ngati sitilola, ngalandeyo ithera pa kalavati ya pamwamba pathu, chipaipi chija cha pansi pa msewu.

Ndikanakhala kwathu ku Zomba ndikanasayina tsiku lomwelo, chifukwa kwathu malo ndi a mkazi. Koma ndakhala kuno zaka zokwanira kudziwa kuti pakhomo pano ndi pa a Msowoya, ndipo Msowoya wa pakhomo pano tsopano ndiwe. Bambo ako aang'ono, a Gabriel, ndawauza. Anangoti akulembera okha.

Undiyankhe pa ulendo womwewu wa a Tobias. Ndalama sindikupempha. Ndikupempha mawu amodzi.

Ndine mayi ako,
Eness Msowoya.

Chiputula,
Mzuzu.
3 Okutobala, 2023.

Mwana wanga Fyson,

Monire chomene. Kuno tose tili makora, amayi ako aang'ono akupereka moni. Kaya iwe kumeneko ku dziko la eni.

Ndalemba mwachangu kuti kalatayi ikwere galimoto imodzi ndi ya amayi ako. Iwo alemba zambiri monga aphunzitsi amachitira, koma ine ndikuuza mwachidule. Puloti ya adada ako ili pa ngozi. Ndinapita ndekha, ndinaona ndi maso anga. Zikhomo zofiira zili mkati mwa fensi. Mkati, mwana wanga! Ine ndakhalitsa m'tauni muno, ndikudziwa mmene zimayambira. Lero ndi ngalande, mawa akuti ngalande ikufuna msewu m'mbali mwake, mkuja akuti nyumba yayandikira msewu.

Mlamu wanga ndi munthu wabwino, palibe angatsutse. Koma mtima wawo ndi wofewa pa NyaHara uja. Tiyi limodzi, kwaya limodzi. Munthu anamanga yekha nyumba ya zidina m'dambo, lero vuto lake likhale la a Msowoya? Kuno aliyense amadziteteza yekha. Ine ku Chiputula ndinakweza khomo langa ndi matumba a mchenga, madzi anapita kwina, palibe anabwera kudzandiimba mlandu.

Komanso kumbukira kuti ife tinalowola. Ng'ombe zinatuluka m'khola la asekuru ako, adada athu. Mlamu ali pakhomo paja monga mayi wathu, ndipo tidzawasunga mpaka imfa, koma kudula malo si kwawo. Ndi kwako. Fensi ija unaimanga ndi thukuta, ukugona m'chipinda chimodzi ndi anzako asanu. Ukalola, akuba aja amene anavutitsa amayi ako abwerera pa mpata womwewo.

Uwalembere mwaulemu, koma uwakanize. Ukapeza jekete la saizi yanga usandiiwale, Juni wa kuno amavuta chomene.

Yewo,
Bambo ako aang'ono,
Gabriel Msowoya.

Germiston.
15 Okutobala, 2023.

Amama,

Monire. Muli uli? Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda, kungoti foni anandilanda pa renki ya matekisi sabata yatha, ndiye musavutike kuimba mpaka ndigule ina. Mafuta aja anali atatu, ndimufunsa Tobias.

Makalata onse awiri ndalandira. Ndinayamba ya adada Gabriel chifukwa inali yaifupi. Yanu ndinaiwerenga mpaka kumapeto monga munanenera, koma kukwiya ndinakwiyabe.

Amama, mwaiwala? Adada atamwalira ine sindinabwere. Mapepala anali asanakonzeke, ndikanatuluka sindikanalowanso. Ndinalira ndekha kuseri kwa shopu. Pasanathe miyezi iwiri akuba analowa, anakumangani manja ndi chitenje chanu chomwe, anatenga mpaka wailesi ya adada. Munandiuza patapita mwezi, ndiponso munalemba ngati lipoti la kusukulu. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti palibe adzapondenso pakhomo paja osagogoda pa geti. Zaka ziwiri sindinagule ngakhale malaya. Anzanga ankandiseka kuti Fyson anakwatira fensi. Fensiyo ine sindinaionepo ndi maso, ndimangoiona pa zithunzi. Ndiye lero mukuti aigumule ndisanaikhudze n'komwe?

A NyaHara ndimawalemekeza, anandilera nawo. Koma ali ndi ana awo aamuna awiri ku Lilongwe. Awamangire nyumba ya njerwa zowotcha. Chifukwa chiyani khoma langa ndilo likhale mankhwala? Ndipo za injiniya wanuyo, kuno ndaona zambiri. Munthu wa mapepala akati bedi, mawa limakhala bwalo la mpira. Mzuzu wa zaka makumi awiri ine ndilibe naye ntchito. Ine ndili ndi mayi mmodzi amene amagona yekha.

Munapempha mawu amodzi. Yayi. Musasayine chilichonse, ngakhale pepala la maina a obwera kumsonkhano. Ngati madzi avuta, muitane anyamata aike matumba a mchenga kumbali ya a NyaHara, za anyamatawo ndiona ine. Ndikabwera chaka chamawa tidzaone limodzi.

Musakwiye amama. Bondolo muzipaka mafuta aja.

Mwana wanu,
Fyson.

Salisbury Lines,
Mzuzu.
1 Novembala, 2023.

Fyson mwana wanga,

Moni. Sindikudziwa ngati moniyu akupeza, chifukwa mwezi watha wonse ndilibe yankho lako. A Tobias sanabwere. Kudepoti ena akuti galimoto yawo inafera ku Tete, ena akuti ili pachipata cha Mwanza. Ndapitako katatu. Anyamata a kabaza ayamba kundidziwa, akangondiona akuti, "Agogo a kalata, kwerani!" Ndinaimba foni yako. Anayankha mwamuna wa chilankhulo chimene sindichidziwa, n'kuseka, n'kudula. Kodi uli moyo? Ukudwala? Kapena wakwiya mpaka kupatsa mnzako foni kuti andiyankhe? Zonse zitatuzi ndazisinkhasinkha, ndipo palibe imene ikundigoneka. Kalata ino ndapatsira mayi wina wa geni amene akukwera basi mawa.

Ntchito ikutsika. Chikatapila chafika pa kalavati ya pamwamba pathu, ndipo amisiri akuyala miyala m'mbuyo mwake. Ndinapita kukaona. Ndi ntchito yabwino, Fyson, sindinama. M'mbali akudzala mitengo, ndipo anthu agwirizana kuti Loweruka lililonse tizichotsa zinyalala. Ine andiika mlembi wa komiti, sindinapemphe. Makomo onse a kumtunda analola. Ena anataya zimbudzi, a Percy anataya theka la golosale yawo. Latsala khomo limodzi, lathu.

A Rejoice anabwera Lolemba. Ndinawapatsa mpando, anakana, anakaima pafupi ndi chikhomo chawo. Ndinafunsa kuti, "Nanga mukathera pa kalavati, madziwo apita kuti?" Anayang'ana cha kunyumba ya a NyaHara. Kenaka anati, "Amama, kale madzi a kumtunda ankabalalika, ena uku ena uko. Tsopano tawasonkhanitsa onse. Afika pano pamodzi." Ndinati, "Ndiye mwakonza kumtunda kuti muphe kumunsi?" Anati, "Tinakonza kuti adutse, amama. Njira yake ndi iyi, ina palibe."

Bambo ako aang'ono anabwera Lachitatu atavala tayi. Anazungulira mpanda wonse akuugogoda ngati akufuna kuugula.

"Mlamu, cholembera chanu chija chikhale m'chikwama. Mwini wake sanayankhule."

"Alamu, kodi mvula imadikira kalata?"

"Za mvula mukafunse kwa Chiuta. Ine ndabwera za malo."

Anamwa makapu awiri a tiyi n'kumapita.

Amene akundisowetsa mtendere kwenikweni ndi a NyaHara. Sanandipemphe kanthu. Akanandinyoza bwenzi zili bwino. Amabwera m'mawa monga kale, "Mwawuka uli, a Ticha?" Timamwa tiyi, timakamba za kwaya. Dzulo ndinawapeza akumanga mabulangete ndi makope a ana m'matumba a pulasitiki, akuwapachika kudenga. Nditafunsa anati, "Makoswe, a Ticha." Zaka makumi atatu ndi ziwiri takhala moyandikana, sanandinamizepo. Dzulo andinamiza kuti ine ndisachite manyazi.

Mitambo yayamba kuunjikana cha ku Nkhata Bay masana aliwonse. Yankha, mwana wanga, ngakhale pa foni ya munthu wina. Ndimva theka, koma ndimva.

Mayi ako,
Eness.

Salisbury Lines,
Mzuzu.
17 Novembala, 2023.

Fyson,

Ndikuthokoza Mulungu kuti uli moyo. A Tobias anafika Lachisanu lapitalo, atawonda, ali ndi kalata yako ya pa 15 Okutobala. Za foni ndamva, pepa. Kalatayo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Unati yayi, ndipo ndinamva. Ndikufuna udziwe kuti ndinamva, chifukwa zimene ndikuuze pano sizinachitike mwa kuchedwa kwa galimoto.

Matumba ndinaika monga unanenera. Loweruka anyamata anayala mizere itatu kumbali ya a NyaHara. Lolemba masana, ndikuchapa, mvula inayamba. Sinali yaikulu, ikanagwa mu Malichi tikanati ndi yamasewera. Koma posakhalitsa ndinamva mkokomo kumtunda ngati lole ikutsika. Ndinatuluka pageti ndi ambulera. Madzi ofiira ankatuluka pa kalavati atadzaza kukamwa konse, n'kumenya ngodya ya mpanda wako, n'kukhota onse. Mpanda sunagwedezeke n'komwe, unamangidwa bwino. Matumba aja anatengedwa ngati mapilo.

A NyaHara ndinawapeza pakhomo pawo, madzi akuwalekeza m'mawondo, atanyamula wamng'ono uja, Keziya, paphewa. Awiri enawo anali atakwera pa tebulo. Chimbudzi chinali chitasefukira, ndipo zonsezo zinali m'nyumba. Khoma la kuchipinda linang'aluka ine ndikuona, mng'alu wolowa dzanja. Ndinawatenga onse kubwera nawo kuno. Titalowa pageti, pabwalo pathu panalibe ngakhale chithaphwi. Nkhuku zinkatola pansi pa khonde. A NyaHara anaima akudontha, anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Kuno kuli makora, a Ticha." Sananene monyoza. N'chifukwa chake zinandipweteka.

Lachiwiri m'mawa ndinavala, ndinakwera kabaza, ndinakawapeza a Rejoice. Anandifunsa ngati mwana wanga walola. Ndinati wakana. Anandiyang'ana, kenaka anandipatsa cholembera. Pa mapepala a puloti dzina langa lilipo pambali pa la bambo ako, ndiye lamulo silinandiletsepo. Chimene chinkandiletsa ndi ulemu. Ndinalemba dzina langa lonse, kuti aliyense wofuna kufunsa adziwe woti amufunse.

Tsopano ndiyankhe kalata yako. Za akuba sindinaiwale, manja amene anamangidwa ndi omwe akulemba kalata ino. Ndinalemba ngati lipoti chifukwa ndikanalemba mwa njira ina ukanakwera basi tsiku lomwelo, ntchito n'kuitaya. Za ana a a NyaHara, mmodzi ndi mlonda, winayo sakudziwika kumene ali. Za Mzuzu wa zaka makumi awiri, ine sindidzamuona. Udzakhalamo ndiwe, ndipo sindikufuna udzabwerere ku nyumba imene anthu amailoza chala podutsa. Unati uli ndi mayi mmodzi amene amagona yekha. Akuba aja atachoka, amene anamva kubuula kwanga n'kudzandimasula anali a NyaHara. Nyumba yawo ikagwa asamuka, ndipo pamenepo ndiye ndidzagona ndekha zenizeni, mkati mwa mpanda wabwino.

Anagumula dzulo. Chikatapila sindinachilole kukhudza khoma. Ndinaima pomwepo kuti achotse ndi manja, njerwa imodziimodzi. Zathunthu zatuluka mazana anayi ndi khumi ndi ziwiri. Ndaziunjika pakhonde la kuseri, ndazifunditsa pulasitiki, ndi zako. Bambo ako aang'ono anafika ntchito ili mkati. Sanalowe. Anaima pamsewu n'kunena mokweza kuti anthu amve, "Ng'ombe zathu zinapita pachabe!" A Percy anawayankha ali pa golosale pawo kuti, "Adada, ng'ombezo zikanakhala kuno Lolemba zikanamira!" Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Sindikupempha kuti unene kuti ndachita bwino. Ndaphwanya mawu ako ndikudziwa, ndipo ndaphwanya mwambo wa kwanu. Ukwiye, koma ulembe.

Mayi ako,
Eness.

Salisbury Lines,
Mzuzu.
12 Disembala, 2023.

Wokondedwa Fyson,

Landira moni wa Khirisimasi, ngakhale sindikudziwa ngati ukuufuna. A Tobias anabwera, ndipo anyamukanso mawa. Ndinawadikira kudepoti mpaka anatsitsa katundu yense, mafiriji, njinga, matumba a anthu ena. Anati, "Palibe, amama." Ndinati ayang'anenso m'thumba la jekete. Anayang'ana pongofuna kundisangalatsa. Anati anakuona, uli bwino, wagula foni ina, ndipo makalata anga onse unawalandira. Nambala yatsopanoyo anati alibe. A Tobias sadziwa kunama, amayang'ana matayala.

Ngalande yatha, kontrakitala wachoka. Mvula yaikulu yagwa kanayi, ndipo ikamagwa ndimatenga ambulera kukaima kuseri. Madzi amalowa pangodya, amadutsa pamene panali nthochi, amatuluka kumunsi, osakhudza munthu. A NyaHara abwerera m'nyumba mwawo, a mpingo anawathandiza kumanganso khoma lija. Loweruka timachotsa zinyalala. Anthu a kumtunda amataya chilichonse, mwana wanga. Sabata yatha tinavuula matiresi.

Mipata iwiri ija ili chitsegukire. Ndaikapo minga ndi malata akale, koma mbuzi ya a Percy yadutsapo kale, ndiye munthu sangalephere. Ndimakhoma zitseko dzuwa lisanalowe, ndipo ndabwezera mpando kuseri kwa chitseko monga ndinkachitira mpanda usanamangidwe. Ndikukuuza zimenezi chifukwa pa mbali imeneyi unanena zoona, ndipo si bwino kuti ndikubisire.

Sabata yatha kunali maliro ku Chiputula. A Gabriel anandidutsa ngati akudutsa mtengo. Akazi awo anandinong'oneza kuti nkhani yafika kumudzi, ndipo akuluakulu akufuna kundikhazika pansi mu Januwale. Zimenezo ndipirira, ndinazidziwa ndisanagwire cholembera. Kukhala chete kwakoku ndiko sindikudziwa mapiriridwe ake.

Ndapatsira a Tobias usipa ndi mtedza. Ngati kulemba kukukanika, uwauze pakamwa kuti zafika.

Mayi ako,
Eness.

Germiston.
20 Disembala, 2023.

Amama,

Monire. Usipa wafika.

Sindinalembe chifukwa zimene ndikanalemba sizinali zoti mwana alembere amayi ake. Ndinayamba kawiri, ndinang'amba. Mpaka pano mtima sunatsike. Munandifunsa, ndinayankha, munachita zanu. Ndiye munandifunsiranji?

Adada Gabriel akuimba tsiku lililonse kuti ndiikepo mawu pa za Januwale. Ndawauza kuti zimenezo azisiye. Amayi ndi anga, ndiwakwiyira ndekha.

Koma za mpando wa kuseri kwa chitseko zandilanda tulo.

Bwana wanga wandilola kutenga zitsulo zotsala ku shopu yathu ya mageti, ndiwotcherera ndekha zotchingira mipata ija tikaweruka. Mundiyezere mipata yonse iwiri, m'lifupi ndi msinkhu, kuchokera pansi pa ngalande mpaka pamwamba pa fensi. Musatume munthu, muyeze nokha. Tobias anyamuka kuno pa 8 Januwale. Nambala yanga ili kuseri kwa pepalali, koma miyezoyo mulembe, ya pa foni sindiikhulupirira.

A NyaHara muwapatse moni. Keziya sanadwale ndi madzi aja?

Fyson.

Salisbury Lines,
Mzuzu.
28 Disembala, 2023.

Mwana wanga,

Kalata yako yafika dzulo pa basi, ndipo ndayeza lero m'mawa. A NyaHara ndiwo amagwira tepi mbali inayo. Moni wako aulandira. Keziya anatsegula m'mimba masiku angapo, koma wachira, akudya.

Mpata wa kumtunda, m'lifupi ndi mita imodzi ndi masentimita 60. Wa kumunsi, mita imodzi ndi masentimita 75, chifukwa amisiri anachotsa njerwa imodzi mopitirira. Msinkhu ndi umodzi konsekonse, mamita awiri ndi masentimita 70 kuchokera pansi pa ngalande.

Wafunsa kuti ndinakufunsiranji. Ndinakufunsa chifukwa ndinkafuna tichite limodzi. Zinakanika, ndinachita ndekha, ndipo zitabwereranso ndikhoza kuchitanso.

Koma msinkhu umenewo usautsate wonse. Ndaona zimene madzi amabwera nazo. Zitsulo zikafika pansi pa ngalande zidzakola mapulasitiki ndi nthambi, ndipo mvula imodzi yokha tidzakhala tamanganso khoma pamalo omwewo, la chitsulo tsopano. Uchotse masentimita 25 kumunsi kwa chilichonse.

Ndikudziwa kuti sukondwa, uganiza za wakuba woonda. Inenso ndamuganizira. Usiyebe mpatawo, madzi azidutsa.

Mayi ako,
Eness.